Baji ya pa Galimoto ya Malemu

Amuna anga a Ernest ndi munthu wabwino, koma pa nkhani ya penti ya galimoto ali ndi matenda. Mwana akhoza kugwa pa njinga n'kusupuka bondo, iwo n'kungomuuza kuti dzuka, sizipha zimenezo. Koma nkhuku ingodumphira pa boneti, mudzi wonse udzamva. Matendawa ndi akumtundu. Anawatengera kwa bambo awo, malemu a Lameki Mbewe, amene anagula galimoto yofiira ya Hilux fodya akadali fodya, n'kuiyendetsa zaka pafupifupi makumi atatu popanda ngakhale kachipsera. Inkanyamula mabelo, feteleza, odwala, akwati ndi maliro omwe, koma zonsezo zinkakhala pa masaka oyalidwa bwinobwino. Loweruka lililonse ankaitsuka okha ndi sopo wosambira, pamene ife anthu tinkasamba sopo wochapira.

A Mbewe atamwalira, katundu wawo anagawidwa popanda phokoso. Galimoto inapita kwa a Ernest monga woyamba kubadwa, mlongo wawo Goodness anatenga ng'ombe, ndipo Lonjezo, chitsiriza, anatenga njinga yamoto ndi masuti. Patatha chaka tinamanga chiliza. Tsiku limene ndikunenali linali Lachisanu, mawa lake ndiye lokavundukula chilizacho. Unali mwezi wa Okutobala, fodya atagulitsidwa kale, zigafa zili zopanda kanthu, matenanti atabwerera kwawo kum'mwera. Ine ndinali kuseri ndi mphika wa phala la thobwa, apongozi anga a Maliya ali pakhonde kusankha nyemba, a Ernest akutsuka galimoto kachiwiri tsiku lomwelo.

Chakumasana kabaza anatsitsa mzimayi pamsewu. Anali wamtali, wowonda, wa zaka ngati makumi atatu, atanyamula kachikwama kamodzi. Sanalunjike pakhonde monga amachitira alendo. Anakakhala pansi potero, pafupi ndi nkhokwe, malo amene matenanti amakhala akabwera kudzatenga chimanga cha pamwezi. Ndinadziwa pomwepo kuti pakhomo pano si pachilendo kwa iye.

Ndinapita kukamulonjera ndi madzi akumwa. Anati dzina lake ndi Feliya, wachokera ku Phalombe, ndipo akufuna kuonana ndi mwana wamkulu wa malemu. Atadzutsa nkhope kuti alandire kapu, ndinamuyang'anitsitsa. Mphumi yotakata ija, nsidze zokumana pakati zija, ndimadzuka nazo m'mawa uliwonse. Ndili mtengwa watsopano ndinamvapo kumjigo kuti a Mbewe anasiya mwana ku zigafa za kudambo, koma nkhani zotere mtengwa amazimva n'kuzimeza. Tsopano nkhani ija inali itakhala pansi pafupi ndi nkhokwe yathu, ikumwa madzi.

A Ernest anabwera akupukuta manja. Feliya anagwada, n'kuwatchula kuti bwana. Anafotokoza kuti mayi ake anali a Elube, amene analimapo fodya kuno monga tenanti, nyumba yawo inali yakumapeto pafupi ndi dambo, ndipo anamwalira nthawi ya dzinja lapitali. Za maliro a Mbewe anamva mochedwa. Za chiliza anamva kwa matenanti amene angobwerera kumene kumudzi. Sananene kuti a Mbewe anali ndani kwa iye, ndipo a Ernest sanafunse. Anangouma nkhope n'kunena mokweza, kuti ndi apakhonde omwe amve, kuti munda unagawidwa kale ndipo palibe chotsala.

"Sindinabwerere munda, bwana," anatero Feliya. "Ndikupempha kachitsulo kamodzi kokha, kaja kali kumbuyo kwa galimotoko."

Ankanena baji, zilembo zowala zolumikizana zija zimene zimamatidwa pachitseko cha kumbuyo, cha kumanja. A Ernest anangomuuza kuti si chitsulo, ndi pulasitiki.

Ine ndinaona kuti nkhani sinali baji. Munthu sakwera basi tsiku lathunthu kuchokera ku Phalombe mpaka ku Kasungu chifukwa cha kapulasitiki. Mawa lake ana a malemu anali oti aitanidwe mmodzimmodzi kukaika nkhata pachiliza, ndipo iye anabwera kudzamva ngati pakhomo pano pali munthu anganene ndi pakamwa pake kuti iyenso ndi mwana. Kupempha zimenezo sakanatha. Anapempha chimene chikanakwana m'kachikwama kake, ndipo ine zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kampeni kosendera mbatata. Anati sakufuna kuvutitsa aliyense, amatula yekha n'kumapita. Ndinaganiza kuti amuna anga akomoka. Anaima pakati pa iye ndi galimoto manja ali tambasu, ngati munthu wotchinga ng'ombe kuti zisalowe m'nazale.

Anandikokera kuseri kwa khitchini. Maganizo awo anali akuti amupatse bajiyo azipita, asanafike bambo awo aang'ono a Samsoni ndi abale ena ochokera kwa Mwase, amene tinkawayembekezera madzulo. Ine ndinawauza kuti baji akhoza kumatula, koma nkhope ija sangaimatule, ndipo aliyense wa maso waiona kale. Anati ndisalowerere nkhani za a Mbewe. Ndinati chabwino, zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira a Mbewe, kuwachapira a Mbewe ndi kuwaberekera a Mbewe, koma nkhani zawo ndiye zopatulika. Anangondiuza kuti nditereke madzi m'ketulo.

Anaichotsa galimoto pamthunzi n'kuitembenuza kuti kumbuyo kuyang'ane dzuwa. Njira yake anaiphunzira kwa mkulu wina wowongola magalimoto pa Boma, ndipo anayamba kuifotokoza ngati akulalikira, ngakhale panalibe amene anawafunsa. Baji zoterezi, anatero, sizimangidwa ndi mabawuti, zimamatidwa ndi guluu kuseri kwake. Ukazitokosa ndi mpeni penti imatsatira, ndipo pamene penti yachoka dzimbiri limamangapo nyumba. Guluuyo amafuna kumunyengerera. Ayambe wafewa ndi dzuwa, umuthire madzi ofunda, osati owira, kenako ulowetse ulusi kuseri n'kumacheka pang'onopang'ono. Anayamba atsuka malo onse ozungulira bajiyo, akuti kamchenga kamodzi kakatsatira ulusi kakhoza kulemba mzere. Twaini wosokera mabelo anamukana kuti ndi wokhakhala. Mapeto ake umene unagwira ntchito ndi ulusi wanga wakuda wolukira tsitsi.

Ntchitoyo ndi ya anthu awiri: wina azithira madzi pang'onopang'ono kuti guluu asaumenso, wina azicheka. A Ernest anaitana ine. Ndinawayankha kuti phala la thobwa lipserera, n'kumupatsa Feliya ketulo ija. Phalalo linali litapsa kalekale, koma ndinasendeza mafuwa pang'ono kuti ndizitakasa pamalo pomveka bwino.

Poyamba panalibe kulankhulana, kupatula "thirani" ndi "basi". A Ernest anakulunga ulusi ku zala zawo, n'kuulowetsa kuseri kwa chilembo choyamba, n'kumaukoka uku ndi uku. Unaduka. Anadula wina, unadukanso. Anadzudzula ulusi wanga, anadzudzula dzuwa, kenako anadzudzula Feliya kuti akuthira madzi ngati akuthirira mbande. Iye sanakwiye. Anawauza modekha kuti akukokera ulusi kunja, n'chifukwa chake ukudulidwa ndi m'mphepete mwa zilembo, bwanji augoneke. A Ernest anamuyang'ana ndi diso lija amandiyang'ana nalo ndikanena zoona, n'kuugoneka. Ulusi unalowa.

Mwina n'chifukwa choti maso a onse awiri anali pa baji, osayang'anizana, kuti a Ernest anapeza mphamvu yofunsa chimene ankachifunira kapulasitiki kakale chotere. Feliya anafotokoza akuthira madzi. Ali wamng'ono, mayi ake anamulozera galimoto yofiira ikudutsa n'kumuuza kuti ndi ya bambo ake, koma asadzayerekeze kunena kwa munthu, chifukwa angathamangitsidwe pa esiteti fodya ali m'munda. Ndiye iye ankaithamangira pamodzi ndi ana ena a matenanti, akumeza fumbi, osanena kanthu. Nkhope ya a Mbewe sankaiona kawirikawiri. Chimene ankachiona ndi kumbuyo kwa galimoto, ndipo bajiyo inali pa msinkhu wa maso ake.

Tsiku lina a Mbewe anaimika galimoto pafupi ndi nyumba yawo n'kupita kukayendera zigafa. Feliya anasendera, n'kuyamba kupukuta fumbi pa zilembozo ndi nsonga ya diresi lake, chilembo chimodzichimodzi, akulowetsa kachala m'mipata. Atacheuka anapeza a Mbewe ataima kumbuyo kwake. Anadikira mbama, koma iwo anangoima mpaka iye anamaliza, n'kukwera, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ankaimika galimoto pamalo omwewo nthawi zonse akabwera kudambo, ndipo ankachedwa ku zigafa kuposa kale. Zinatero mpaka chaka chimene mayi ake anabwerera ku Phalombe.

"Sanandigwirepo dzanja ngakhale tsiku limodzi," anatero Feliya. "Dzina langa sanalitchulepo. Koma pagalimotoyi sanandithamangitsepo."

Ulusi unaima m'manja mwa a Ernest. Anayang'ana chitseko chija.

"Ine anandikwapulapo chifukwa chotsamira chitseko chomwechi," anatero.

Sananene mwansanje. Ananena ngati munthu amene wapatsidwa umboni umene sangaukane, chifukwa iwo ankawadziwa bambo awo. Anawonjezera chapansipansi kuti akukumbukira, iwo ali mnyamata atakhala pamwamba pa matumba, kuti ankadabwa chifukwa chimene galimoto inkaimikidwira padzuwa kumapeto kuja, pamene pa zigafa zapakati panali mtengo wa mango wa mthunzi wabwino. Atatero anatsokomola n'kunena kuti madzi azizira, ndipo ine ndinathamanga kukawonjezera ofunda.

Pobwerera ndi ketulo ndinaona chinthu chimene chinandiseketsa ndi kundiliza nthawi imodzi. Onse awiri anali atawerama, mitu itatsala pang'ono kugundana, ndipo aliyense anali atatulutsa kansonga ka lilime kumbali ya kamwa. A Mbewe ankatero akamasoka belo. Ndinaponya maso pakhonde. Apongozi anga anali atasiya kusankha nyemba, manja ali m'lichero, akuyang'ana komweko. Sindinathe kuwerenga nkhope yawo, ndipo ndinachita mantha, chifukwa a Maliya ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akalankhula nkhani imathera pomwepo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulusi unayenda chilembo ndi chilembo mpaka unatulukira mbali ina, baji n'kupendekeka. A Ernest sanaigwire. Anamuuza Feliya kuti atchere manja, ndipo inagwera m'manja mwake, yonyowa, yopepuka ngati tsamba louma. Anaiyang'ana kutsogolo ndi kuseri. Anati ankaganiza kuti ndi yolemera.

Pachitseko panatsala guluu wakuda. A Ernest anamukunkhuniza ndi chala chachikulu mpaka anakhala timibulu, wotsalayo anamufewetsa ndi kansanza konyowetsa m'mafuta ophikira, kenako anatsuka ndi sopo n'kupukuta. Anayendetsa dzanja pamalopo maso atatsinzina. Panalibe kukalika ngakhale pang'ono. Anamwetulira koyamba tsiku limenelo, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ntchito ya manja awo, ndipo kumwetulira kuja kunathera panjira.

Pamene panali baji, penti inali yofiira ngati tomato wakupsa. Tonse tinkati galimoto ya a Mbewe ndi yofiira, osadziwa kuti dzuwa la ku Kasungu lakhala likuidya pang'onopang'ono mpaka inafanana ndi njerwa. Tsopano zilembo zonse zinkaoneka bwinobwino pachitsekopo, zowala kuposa mmene inkawalira baji yeniyeniyo. A Ernest anathamangira polishi. Anapaka, anapukuta, anapakanso, koma zinangowala kwambiri. Anavomereza kuti mkulu wa pa Boma uja ananenapo kuti zotere zimatenga miyezi kuti zifanane. Ndipo mawa galimotoyi inali yoti itsogolere ulendo wa kumanda itanyamula apongozi anga, mudzi wonse ukuyenda pambuyo pake, maso ali pachitseko chomwecho.

Ndinaganiza kuti apa ndiye amuna anga alimba mtima. Ayi ndithu. Anamuuza Feliya, mawu atatsika ndipo maso ali pansi, kuti amuitanira kabaza kuti akapeze basi pa Boma kusanade. Ndinapsa mtima mpaka ndinamenyetsa mthiko pamphika. Feliya sanaonetse kukhumudwa. Anakulunga baji m'kansalu, anaiika m'chikwama, anati zikomo bwana, ndipo anapita kukagwada kutsogolo kwa khonde kuti atsanzike. Apongozi anga anangogwedeza mutu. Munthu amene anazolowera kuyambira ali mwana kuti asapemphe zambiri amavuta kumuyang'ana.

Kabaza asanafike, inafika njinga yamoto ya a Samsoni, mng'ono wa malemu. Anafulumira chifukwa ankafuna kukayendera chiliza kukadali kowala. Monga Mbewe aliyense, anayamba apereka moni kwa galimoto asanapereke kwa anthu. Anaizungulira akuisisita, ndipo atafika kumbuyo anaima.

"Baji ya achimwene yapita kuti?"

A Ernest anayamba kufotokoza kuti inali itayamba kumatuka yokha, ndiye anaona kuti ndi bwino, ndiye poti mawa, ndiye. A Samsoni sanali munthu womunamiza pa galimoto imeneyo. Anati baji yomatuka yokha sisiya malo oyera chonchi, apa pagwira munthu wodziwa, ndipo akufuna kudziwa kuti katundu wa malemu akuchoka bwanji pakhomo chiliza chisanavundukulidwe. Maso awo anagwera pa mlendo amene anali chigwadire pafupi ndi khonde atakumbatira chikwama. Feliya anayamba kutsegula zipi kuti abweze.

"Tseka chikwamacho," anatero apongozi anga.

Anaika lichero pambali. Sanakweze mawu.

"Alamu, ana onse anatengapo kanthu ka bambo awo. Ernest galimoto, Goodness ng'ombe, Lonjezo njinga. Uyu ndi amene anatsala."

A Samsoni anafunsa kuti uyu ndiye ndani.

"Muyang'aneni pamphumi. Mukufunsa chiyani chimene mukuchidziwa?"

A Samsoni anayang'ana, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kuchitembenuzatembenuza m'manja. A Ernest anali chiimire ndi kansanza ka polishi. Feliya sanalire mokweza. Anaweramira pachikwama chake, mapewa akugwedezeka, ndipo ine ndinapita kukamugwira chifukwa panalibe wina amene anasuntha. Kabaza atafika, a Ernest ndi amene anapita kumsewu kukamubweza.

Apongozi anga anadzuka n'kulowa m'nyumba, nyemba zili pomwepo. Patapita kanthawi ndinawatsatira. Ndinawapeza kuchipinda atakhala pamphepete pa bedi, atayang'ana kukhoma, misozi ikuyenda koma nkhope ili duu. Zaka zonse zimene ndakhala pakhomo pano sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale tsiku la maliro. Ndinagwada pakhomo. Ndinali nditakondwera kwambiri panja paja mpaka kuiwala kuti mawu amenewo pali amene amupweteka powatulutsa.

Anandiuza osacheuka kuti ankadziwa kuyambira kalekale. Mkazi amadziwa kumene galimoto ya mwamuna wake ikuima. Anati a Mbewe sanawapepesepo, iwonso sanawafunsepo, ndipo asandinamize kuti anawakhululukira, chifukwa mpaka lero sanatero. Anati Elube ankamuona akubwera kudzatenga chimanga mwana ali kumbuyo, iwo n'kumamuyezera m'chitini ngati tenanti wina aliyense, osawonjezera ngakhale dzanja limodzi. Koma mwanayo, anatero, analakwa chiyani.

Ndinafunsa ngati ndimuyalire mphasa kuchipinda kwa ana. Anavomera ndi mutu. Ndikuti ndizidzuka, anandiitananso ndi dzina la mwana wanga.

"Mayi a Chance, ukamuuze Ernest za mawa. Poika nkhata, akachoka iye abwere Feliya, kenako Goodness."

Ndinafunsa ngati ndikamufunse kaye Feliya chaka chimene anabadwa, kuti tisalakwitse.

"Usavutike," anatero, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Anabadwa ine ndili ndi pakati pa Goodness."